John Nettleton, Mtsogoleri wa Ulendo wa ku Augsburg Amene Alibe Manda

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene inabuka m'chaka cha 1939 nitha m'chaka cha 1945, gulu la ndege zoponya mabomba la dziko la Britain, lotchedwa Bomber Command, linali limodzi mwa magulu amene anataya anthu koposa. Anyamata pafupifupi 125,000 anauluka m'ndege za gululi, ndipo mwa iwo 55,573 anafa. Ndiko kunena kuti pa anthu 100 alionse, 44 sanabwererenso kwa makolo ao. Ena 8,403 anavulala, ndipo 9,838 anagwidwa nakhala akaidi a nkhondo. Onsewa analowa ntchito youluka mwa kufuna kwao, ndipo ambiri anali a zaka zongopitirira 20 pang'ono. Ena ambiri mwa iwo anagwera m'nyanja kapena kupsera m'mlengalenga, kotero kuti abale ao sanaone mtembo ngakhale manda. Mmodzi wa otere ndiye Wing Commander John Dering Nettleton, mwana wa ku South Africa, amene anatsogolera gulu lotchedwa ndi dzina la Rhodesia.

Ubwana wake

Nettleton anabadwa pa 28 June 1917 ku Nongoma, m'chigawo cha Natal, dera limene muli malikulu a mafumu a Azulu. Banja lao linali lozolowera za panyanja, pakuti agogo ake aamuna anali mkulu m'gulu la nkhondo la pamadzi la Britain. Anaphunzira pa Western Province Preparatory School ku Cape Town, ndipo atachoka pamenepo analowa m'chombo chophunzitsira anyamata ntchito za panyanja chotchedwa General Botha, chimene chinkakhala pa doko la Simon's Town. Chombo chomwechi ndicho chinaleranso A. G. Malan, wodziwika ndi dzina lakuti Sailor Malan, amene anatchuka poteteza Britain m'mlengalenga m'chaka cha 1940. Atatsiriza maphunziro, Nettleton anagwira ntchito miyezi 18 m'zombo zamalonda, kenaka anatsikira kumtunda nayamba uinjiniya wa zomangamanga m'madera osiyanasiyana a South Africa.

M'chaka cha 1938, pamene mitambo ya nkhondo inali kusonkhana ku Ulaya, mnyamatayu anapita ku Britain, ndipo m'mwezi wa December analandiridwa monga ofesala m'gulu la ndege la Royal Air Force. Anatumikira m'magulu a nambala 207, 98 ndi 185, ndipo potsiriza anamtumiza ku gulu la nambala 44, limene linali pa bwalo la ndege la Waddington, pafupi ndi mzinda wa Lincoln. Masiku amenewo gululi linali ndi ndege za mtundu wa Hampden, za injini ziwiri, zopanikiza mkati, zonyamula anthu anayi. Pa 24 July 1941 iye anali nao pa ulendo wa masana wokaphulitsa zombo zankhondo za Ajeremani pa doko la Brest ku France, ndipo pofika nthawi imeneyo anali atakwera kale pa udindo wa Squadron Leader.

M'chaka chomwecho cha 1941 gulu la 44 linapatsidwa dzina la Rhodesia, pothokoza dziko la Southern Rhodesia, limene lero ndi Zimbabwe, chifukwa cha anthu amene linapereka ku nkhondoyo. Ndipo anyamata ambiri a kumeneko anali m'gululi, ena ouluka, ena okonza ndege pansi. Chizindikiro chake chinali njovu, yotengedwa pa chidindo cha Lobengula, mfumu ya Amandebele. Mu December 1941 gulu limeneli ndilo linayamba kulandira ndege zatsopano za Lancaster, za injini zinayi za Rolls-Royce Merlin, zonyamula anthu asanu ndi awiri, zotha kupita kutali ndi mabomba olemera kuposa ndege zimene zinalipo kale.

Chifukwa chake cha Augsburg

Kuti ulendo umene unatchukitsa Nettleton umveke bwino, nkofunika kudziwa mavuto awiri amene Boma la Britain linali nao poyamba pa chaka cha 1942. Vuto loyamba linali la panyanja ya Atlantic. Britain ndi chilumba, ndipo chakudya, mafuta ndi zida zambiri zinkabwera pa zombo. Koma sitima zapansi pa madzi za Ajeremani zinali kumiza zombozo mofulumira kuposa m'mene zatsopano zinkapangidwira. M'chaka cha 1942 chokha zinamiza zombo zoposa 1,000. Vuto lachiwiri linali la mabomba osagwa pamalo pake. Popeza ndege zouluka masana zinkagwetsedwa kwambiri, Angerezi anatembenukira ku maulendo a usiku. Koma mu August 1941 kalaliki wa Boma, D. M. Butt, atapenda zithunzi mazanamazana zojambulidwa m'ndegezo, anapeza kuti mwa ndege zitatu zilizonse zimene zinanena kuti zaphulitsa malo otumidwa, imodzi yokha ndiyo inafika mkati mwa mailosi asanu kuchokera pamalowo.

Mu February 1942 utsogoleri wa Bomber Command unapatsidwa kwa Arthur Harris, munthu amene pa unyamata wake anakhala ku Rhodesia nalowa usilikali komweko m'chaka cha 1914. Iye anafuna kuyesa ngati ndege zatsopanozo, zikamauluka masana m'munsi kwambiri ndi kutetezana ndi mfuti zao, zingathe kulowa mkati mwa Germany ndi kulasa nyumba imodzi yosankhika. Malo amene anasankha anali fakitale ya kampani ya MAN mu mzinda wa Augsburg, kumwera kwa Germany, mmene munkapangidwa injini za dizilo za sitima zapansi pa madzi. Fakitale imeneyi ndi yomwe Rudolf Diesel anayeseramo injini yake yoyamba pakati pa zaka za 1893 ndi 1897. Maganizo anali akuti ngati injini zisowa, sitimazo zidzachepa panyanja.

Anasankha ndege 12: zisanu ndi imodzi za gulu la 44 motsogozedwa ndi Nettleton, ndi zisanu ndi imodzi za gulu la 97 la ku Woodhall Spa motsogozedwa ndi Squadron Leader John Sherwood. Kwa masiku angapo anyamatawo anayeseza kuuluka m'munsi pamwamba pa England ndi Scotland osauzidwa kumene adzapite. Ndege iliyonse inasenza mabomba anayi olemera mapaundi 1,000 lililonse. Nettleton anali ndi zaka 24.

Tsiku la 17 April 1942

Ndegezo zinanyamuka cha m'ma 3 koloko masana. Dongosolo linali lakuti zioloke nyanja ya English Channel zili pa mapazi ngati 50 kuchokera pamadzi, kuti makina a radar a adani asazione. Zilowe mu France cha ku Dives-sur-Mer, zidutse kumwera kwa Paris, ziloze ku nyanja ya Constance, ndi kufika ku Augsburg dzuwa likulowa, kuti pobwerera mdima uzibise. Pofuna kusocheretsa Ajeremani, ndege 30 za mtundu wa Boston, pamodzi ndi ndege zing'onozing'ono zaliwiro mazana angapo, zinatumidwa kukaputa nkhondo kumpoto kwa France, kuti ndege zosaka za adani zikatanganidwe kumeneko.

Chenjerero limeneli ndilo linabala tsoka. Ndege za Nettleton zinapatuka pang'ono pa njira yao nizidutsa pafupi ndi bwalo la ndege la Beaumont-le-Roger, pa nthawi yomwe ndege zosaka za Ajeremani, zimene zinadzutsidwa ndi chiputo chija, zinali kubwerera kudzatera. Oyendetsa ake anaziona nazithamangira. Mfuti za Lancaster zinali zing'onozing'ono, pamene za Ajeremani zinali ndi mizinga yoombera patali. Tsono iwo ankaima kumene zipolopolo za Angerezi sizikanafika, namaombera mosatekeseka. M'kanthawi kochepa ndege zinayi mwa zisanu ndi imodzi zinagwa m'minda ya France. Zinatsala ziwiri, ya Nettleton ndi ya Flying Officer John Garwell, ndipo zinapulumuka chifukwa mafuta a adaniwo anali atatsala pang'ono kutha.

Apa ndi pamene panagona mlandu wonse wa tsikulo. Ulendo unali utangoyamba kumene. Kutsogolo kunali mailosi mazana angapo a dziko la adani, dzuwa lili pamwamba, ndipo Ajeremani anali atadziwa kale kuti alendo alowa. Mtsogoleri akanatha kubwerera, ndipo palibe akanamdzudzula. Nettleton anapitirira. Ndege ziwirizo zinauluka maola ena ambiri pamwamba pa mitengo ndi madenga, nizifika ku Augsburg cha m'ma 8 koloko madzulo, niziponya mabomba ao pa fakitale pakati pa moto wa mizinga yoombera ndege. Ndege ya Garwell inalasidwa, inayaka, nitera m'munda kunja kwa mzinda. Atatu a m'menemo anafa, ndipo anayi anagwidwa.

Ndege za gulu la 97 zinadutsa France osaonedwa, koma pofika pa Augsburg zinapeza oombera ali tcheru. Ndege ya Sherwood inagwa itaponya mabomba, ndipo iye yekha ndiye anapulumuka mwa onse a m'menemo. Ndege ya Warrant Officer Mycock inagwira moto isanafike pa fakitale, koma inapitirirabe mpaka inaponya mabomba ake, kenaka inaphulika. Nettleton, ndege yake ili yobookabooka, anatulukira m'mdima natera pa bwalo la Squires Gate pafupi ndi Blackpool, pakati pa usiku patapitirira. Mwa ndege zisanu ndi imodzi za gulu la Rhodesia, yake yokha ndiyo inabwera. Mwa ndege zonse 12, zinabwera zisanu. Mwa anthu 85 amene ananyamuka, 37 anafa, 12 anagwidwa, ndipo 36 anafika kwao.

Phindu ndi mtengo wake

Nyuzi za ku Britain zinaulandira ulendowu ndi chimwemwe chachikulu, pakuti miyezi imeneyo inali ya nkhani zoipa zokhazokha. Mzinda wa Singapore unali utagwa m'manja mwa Ajapani mu February. Nduna Yaikulu Winston Churchill anatumiza mau oyamika, ndipo pa 28 April 1942 kunalengezedwa kuti Nettleton wapatsidwa Victoria Cross, mendulo yoposa zonse ya kulimba mtima, imene Mfumukazi Victoria anaikhazikitsa m'chaka cha 1856. Ena a pa ulendowo analandiranso mamendulo osiyanasiyana.

Koma mkati mwa Boma munali mkangano umene anthu wamba sanaumve. Lord Selborne, nduna yoyang'anira nkhondo ya pa chuma cha adani, analembera Churchill kudandaula kuti unduna wake, umene unali ndi akatswiri odziwa mafakitale a Germany, sunafunsidwe, ndi kuti fakitale ya Augsburg sinali mwa malo amene iwo anawaika patsogolo. Harris anaikira kumbuyo chisankho chake, ponena za njira yofikirako ndi kuzindikirika kwa malowo kuchokera m'mwamba. Nkhondo itatha, opima anaona mabuku a fakitaleyo, ndipo choonadi chinatuluka. Mabomba 17 anagwera pa fakitale, koma asanu sanaphulike. Mwa makina 2,700 osulira zitsulo, 8 okha ndiwo anaonongekeratu. Ntchito inachedwa pang'ono chabe, ndiponso injini za mtundu womwewo zinali kupangidwa m'mafakitale ena.

Sitima zapansi pa madzi sizinachepe ayi. Mu October 1942 zinafika mpaka ku gombe la Cape Town, kumene Nettleton anaphunzirira za panyanja, nizimiza zombo zambiri kumeneko. Chimene chinazigonjetsa, m'mwezi wa May 1943, chinali kugwirizana kwa zinthu zingapo: zombo zoperekeza, ndege zolondera nyanja kutali, makina a radar, ndi kumasulira kwa mauthenga achinsinsi a Ajeremani. Phunziro limene akuluakulu anatenga pa Augsburg linali lakuti ndege zazikulu sizingadziteteze masana popanda zoziperekeza. Ndipo kupatula maulendo owerengeka, Bomber Command inakhazikika pa maulendo a usiku mpaka chaka cha 1944. Kulimba mtima kwa anyamata aja palibe amene anakutsutsa. Chimene chimatsutsidwa ndi olemba mbiri ndicho chisankho cha malowo, chimene chinapangidwa mu ofesi.

Ulendo wotsiriza

Boma linatumiza Nettleton ku America kukaonekera pa misonkhano yolimbikitsa anthu za nkhondo, ndipo m'mwezi wa July 1942 anakwatira ku Lincoln mkazi amene anali ofesala m'gulu la akazi othandiza ntchito za ndege. Kwa kanthawi anagwira ntchito yophunzitsa ena kuyendetsa Lancaster. Munthu wa mendulo yotere akanatha kusungidwa kutali ndi moto. Koma mu January 1943 anabwerera ku gulu la 44 monga mtsogoleri wake, ali Wing Commander. Lamulo la masiku amenewo linali lakuti anyamata auluke maulendo 30 asanapumule, ndipo m'chaka cha 1943 amene ankatsiriza chiwerengerocho anali ochepa kuposa amene ankatayika. Nettleton anapitiriza kuuluka pamodzi ndi anyamata ake. Kumapeto kwa May gululo linasamukira ku bwalo la Dunholme Lodge.

Pa 10 July 1943 asilikali a Britain ndi America anatsikira pa chilumba cha Sicily, ndipo akuluakulu anafuna kupanikiza Boma la Benito Mussolini kuti lileke nkhondo. Usiku wa pa 12 July ndege za Lancaster 295 zinatumidwa ku Turin, mzinda wa mafakitale a Fiat kumpoto kwa Italy. Njira inali yaitali, yodutsa France ndi mapiri a Alps. Popeza ku Ulaya usiku wa mwezi wa July ndi waufupi, ndegezo zinauzidwa kubwerera mozungulira, kudzera panyanja ya Bay of Biscay, kuti kukamacha zisapezeke pamwamba pa mabwalo a adani kumpoto kwa France. Koma ku gombe la Brest kunalinso ndege zosaka za Ajeremani, ndipo m'bandakucha wa pa 13 July zinakumana ndi zina mwa ndege zobwererazo. Usiku umenewo ndege 13 zinatayika. Ya Nettleton inali imodzi mwa izo. Inamira m'nyanja pamodzi ndi onse a m'menemo, ndipo palibe mtembo umene unapezeka. Anali atangokwanitsa zaka 26. Mwana wake wamwamuna anabadwa poyamba pa chaka cha 1944, atate ake atapita kale.

Mbiri yoona iyenera kunenanso za amene anali pansi. Usiku womwewo anthu 792 anafa mu Turin, ndipo palibe usiku wina wa nkhondo yonseyo umene unapha anthu ambiri chotero mu mzindawo. Ambiri anali anthu wamba m'nyumba zao. Patapita masiku 12, pa 25 July, Mussolini anachotsedwa pa mpando.

Chikumbutso chochedwa

Imfa za anthu wamba ndizo zinachititsa kuti chikumbutso cha anyamata a Bomber Command chikhale chovuta. Kuyambira February 1942 lamulo linalola kuphulitsa mizinda yathunthu, osati mafakitale okha. Ku Hamburg, mu July 1943, kunafa anthu pafupifupi 40,000; ku Dresden, mu February 1945, pafupifupi 25,000. Nkhondo itatha, andale amene analamula zimenezi anayamba kuzipewa. Pa mau ake a chipambano a pa 13 May 1945, Churchill sanaitchule ntchito ya Bomber Command pa mizinda ya Germany, ndipo gululo silinapatsidwe mendulo yakeyake. Harris anawawidwa mtima nasamukira ku South Africa, kumene anayendetsa kampani ya zombo ya Safmarine. Motero manyazi a lamulo anagwera amene anatumidwa, amene sanasankhe mzinda ngakhale umodzi.

Maina a osowa manda sanaiwalike konse. Pa 17 October 1953 Mfumukazi Elizabeth II anatsegula nyumba yachikumbutso ku Runnymede, pa phiri loyang'ana mtsinje wa Thames, mmene munalembedwa maina oposa 20,000 a amuna ndi akazi a magulu a ndege amene anatayika alibe manda odziwika. Dzina la Nettleton lili pamenepo pamodzi ndi a anzake. Ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, sukulu ya ana ya m'dera la Braeside inatchedwa Nettleton pomkumbukira.

Koma chipilala cha gulu lonse mu London chinadikira zaka 67 chithere nkhondo. Chinamangidwa ndi ndalama zosonkha anthu m'munda wa Green Park, ndipo Mfumukazi anachitsegula pa 28 June 2012, tsiku lomwe Nettleton akanakwanitsa zaka 95. Mkati mwake muli zifanizo za mkuwa za anyamata asanu ndi awiri, zosulidwa ndi Philip Jackson, zooneka ngati angotsika m'ndege ali otopa, ena akuyang'ana kumwamba kudikira anzao. Denga lake lili ndi chitsulo chotengedwa ku ndege ya Halifax imene inagwa ku Belgium m'chaka cha 1944, ndipo pakhoma panalembedwa mau okumbukiranso anthu a mitundu yonse amene anafa ndi mabomba m'zaka za nkhondoyo. M'chaka cha 2013 Boma linapereka kachizindikiro kolumikiza pa mendulo kwa otsala ndi kwa mabanja a omwalira, ndipo mu 2018 kunatsegulidwa malo ena a chikumbutso pa phiri la Canwick ku Lincoln, okhala ndi nsanja ya mamita 31, kutalika kofanana ndi mapiko a Lancaster, yozingidwa ndi makoma achitsulo olembedwa maina a akufa.

Pamene zonsezi zinkachitika, makolo a anyamatawo anali atamwalira kalekale, ndipo ambiri mwa anzao opulumuka anali atatsatira. Aphunzitsi amene afotokozera ana za nkhondo imeneyi adzachita bwino kuika ziwerengero zonse pamodzi: anyamata 37 a ku Augsburg, makina 8 a m'fakitale, ndi anthu 792 a ku Turin. Ndipo amene ntchito yao ndi kulemba madongosolo a Boma adzapeza m'kalata ya Lord Selborne chinthu choyenera kuchisinkhasinkha, pakuti inalembedwa anyamata aja atafa kale, pamene funso lake likanafunsidwa ndege zisananyamuke.